Ulusi M'kamwa mwa Sushka

Lolemba, 1 Ogasiti 1955

Mosko. Kutentha. Mawindo a kuntchito anawakhomerera kalekale, ndiye tsiku lonse fungo la agalu ndi mankhwala.

Asankha. Agalu athu awiri, Sushka ndi Gaika, ndi amene akwere roketi mwezi uno. A Dokotala Rodion Matveyevich anena okha m'mawa, ali chiimire, tiyi m'manja, ngati akunena za mtengo wa kabichi. Ine mapini ali kukamwa, pang'ono ndimeze.

Ndamuyezanso Sushka. Khosi, chifuwa, msana mpaka potulukira mchira. Kagalu koyera, kakang'ono, khutu limodzi logwa, mchira wopindika ngati timikate tobooka pakati tomwera tiyi, ndipo dzina lake linachokera pamenepo. Poyeza amangoima. Ndasokera anthu zaka zambiri, madiresi aukwati, majekete a asilikali nthawi ya nkhondo, koma kasitomala woleza mtima chonchi sindinamuonepo. Gaika ndiye ayi. Wamawangamawanga, pakamwa posatseka, wandidyera kale matepi awiri oyezera.

Chovala chawo: kamalaya kofewa m'kati, thumba la mphira pamwamba, chipewa chagalasi chozungulira, malamba atatu omumangira pa kabedi kachitsulo. Kumwambako akuti mpweya kulibe. Msoko umodzi ukaphonya, galu wapita. Zonsezo zili m'manja mwa ine Taisiya, mayi wamasiye ndi makina ake osokera.

Pano pali chizolowezi. Galu akapita n'kubwera wamoyo, wina wa ife amaloledwa kumutenga kukakhala naye kunyumba. Masana ndalimba mtima, ndawatsekera njira a Dokotala pakhonde. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Akabwera, tikamaliza kumupima, ndi wanu, a Taisiya Yegorovna. Koma mawu akuti akabwera mwawamva?" Ndawamva.

Lachitatu, 3 Ogasiti

Kuchipinda cha makina ozunguza si kwanga, ntchito yanga ili m'mwamba. Ndapitako basi.

Galu pa kabedi, kabedi kunsonga ya mkono wachitsulo, mkono n'kuyamba kuzungulira mpaka galu osaonekanso. Gaika amalira poyamba mpaka pomaliza, potsika n'kuluma amene wayandikira. Sushka, zii. Miyendo kutsogolo, chibwano pansi. Makina akaima sadzuka. Amadikira. Lamba wapachifuwa, wapamimba, wakumbuyo. Akamasula wachitatu ndi pamene amaimirira, kudzikutumula, n'kunyambita dzanja lomwe lamuzunguzalo. M'kabokosi kamene amawatsekeramo kuti azolowere pothina ndi chimodzimodzi. Ena amakanda mpaka zikhadabo kutuluka magazi. Iye amalowa yekha.

Mtima wotere amautenga kuti? Ine basi ikangokhota mwamphamvu ndimatukwana dalaivala ndi azigogo ake omwe.

Yefim Lukich, mkulu wosamalira agalu, wa mwendo umodzi wathabwa, ndi amene anamutola chisanu chathachi kuseri kwa msika, akufukula makoko pansi pa chipale. Amati agalu a m'nyumba za mabwana ntchitoyi sangaithe, pamafunika a mumsewu, oti njala ndi kuzizira anazolowera. Lero pomupatsa Sushka kasoseji ndinati, a Yefim, koma galuyu tinamufunsa? Anayankha akutsuka mbale, osatembenuka. "Nanga ine pondipititsa kunkhondo anandifunsa? Kusiyana kwake, Taya, ine ankandinamiza ndi nyimbo. Uyu ndi soseji, bola iye amadyako."

Ndinaseka, koma ndinabwerera kumakina ndili ndii.

Agalu awiri a chaka chatha parachuti yawo sinatseguke. Anakawakwirira Yefim yekha. Sawatchula, koma mbale zawo sadyetseramo galu wina.

Loweruka, 6 Ogasiti

Nkhondo kukhitchini. Mabanja anayi, khitchini imodzi, ndipo pakamwa pa nyumba yonse ndi Klava. Galu sangalowe muno iye asanavomere. Za ntchito yanga amangodziwa kuti ndimasoka kuchipatala china, zoona zake sitiloledwa kunena.

"Galu? Muno? Utitiri, ubweya mu supu. Taya, ngati wasungulumwa peza mwamuna, amauwa pang'ono." Ndinamuuza kuti wakowo akamwa amauwa kuposa agalu onse a mu Mosko. Mapoto anagundana, tinasiyana osalankhulana.

Madzulo uyo, ndi diresi lake labuluu, lakana kutseka m'chiuno. Ndalifutukula. Za galu sitinatchule, koma potuluka anaima pakhomo n'kunena kuti bola akhale wosauwa. Wosauwa ndiye ndili naye.

Nsapato zabooka pansi. Zidikire, soseji kaye.

Stepan, malemu mwamuna wanga, ankafuna galu. Ndinkati nkhondo ithe kaye. Inatha, iye sanabwere.

Lachiwiri, 9 Ogasiti

Ndikupita nawo kokaulutsira roketi. Akuti telala akhale pafupi, mwina china chivuta. Sitima Lachisanu. Ndanyamula ulusi wokwanira kusoka hema, singano zitatu zokhota, ndi buledi wakuda. 

Lamlungu, 14 Ogasiti

Chipululu. Kuli see mbali zonse, udzu wouma, fumbi m'mano, ngamila patali. Mtengo ngakhale umodzi. Dzuwa lake losaseka ndi munthu. Chabwino ndi mavwende okha, asilikali amabwera nawo pa lole kuchokera kumtsinje, otsekemera zedi.

Roketi ndaiona. Yaima chilili pakati popanda kanthu, yoyera, yaitali kuposa nyumba yathu yosanja. Ndinaiwala kutseka pakamwa. Anyamata amene aipanga akungoyendayenda pansi pake, malaya azigamba, maso ofiira ndi tulo, wina akutafuna nsomba youma uku akuwerengera zinthu pachikhatho. Dzana lomweli tinkadya makoko a mbatatesi, ambiri a iwowa abambo awo anatsalira kunkhondo. Lero akufuna kuboola thambo. Ndinanyadira, sindibisa. Ndinaima pamenepo ndi nsapato zanga zobooka n'kumanyadira ngati ndaipanga ndine.

Kenaka anandionetsa kachitseko kumutu kwake, kolowera agalu. Kakang'ono ngati ka uvuni.

Sushka sakudya bwino, kutenthaku. Vwende yekha amanyambita. Gaika akudya zake ndi za mnzake, ndipo waluma kale msilikali wa pageti.

Lachinayi, 18 Ogasiti

Roketi inyamuka mawa m'bandakucha.

M'mawa wonse a Dokotala ndi Vadim, injiniya wa mawaya wokonda nthabwala, akumata timawaya pathupi pa Sushka, tomvera mtima ndi kapumidwe. Pamwamba pake kamalaya kam'kati kamene ndinasoka ku Mosko. Koma galu waonda. Kamalaya kakukhwepa pachifuwa, timawaya tikusuntha. Ndinati muvuleni, ndipinde pamakina, sizichedwa. A Dokotala anati kumuvula ndi kuyambiranso zonse, ndipo galu watopa kale. Sokerani pathupi pomwepo.

Ndinakana. Pamaso pa anthu onse, ine amene sindinakanepo kanthu pantchito pano.

Amayi anga kumudzi ankatimenya padzanja chifukwa cha zimenezi. Chovala sasokera pathupi pa wamoyo, wosokeredwa atavala ndi mtembo wokha. Wapaulendo ndiye usayerekeze n'komwe, umamusokera njira, sabwerera. Ndinanena choncho, nkhope ikutentha.

Vadim anagwira pamimba. "Azakhali Taya, ife tikupita kukaona ngati kumwamba kuli angelo, inu mukuopa singano?" Anzake kuseka. Ndinati seka iwe, galu si wako, ndipo malaya akowo ukanakhala ndi azakhali sakanaoneka choncho.

A Dokotala sanaseke. Munthu wa chipani cholamula, kutchalitchi sanapondeko, mabuku ake olemera kuposa ine. Anavula magalasi, anawapukuta, n'kufunsa pang'onopang'ono. "Kwanuko, zikafika poti kusoka n'kosapeweka, amatani?" Ndinati wosokeredwayo amaluma ulusi, osaulavula mpaka singano ichoke, kuti zidziwike kuti ndi wamoyo.

Anatenga sizasi yanga, anadula ulusi, anagwada pafumbi ndi buluku lawo loyera. "Pepa mayi, luma apa." Anauyika kuseri kwa mano. Sushka anatseka pakamwa n'kukhala phee, ulusi woyera ukulendewera uku ndi uku, maso ali pa ine.

Ndinasoka. Pansi pa zala zanga mtima wake ukugunda mwakachetechete, wanga ukuthamanga. Woseka panalibenso. Vadim anandigwirira mawaya kuti asakodwe, ndipo ndinamva akupuma mosamala. Ndinamanga mfundo, ndinadula, ndinayang'ana kukamwa.

Ulusi palibe.

Tinafuna pansi, pa kabedi, m'ubweya. Yefim anati, "Wameza. Ndiye zakhala bwino, Taya, aulumabe mpaka mawa, ndi kumimba komwe." Onse anaseka, ndi ine ndemwe. Koma wameza liti? Singano itachoka kapena ikadali m'nsalu? Palibe amene anaona.

Madzulo ndawapeza a Dokotala kuseri kwa khola akusuta. Sindinafunse kanthu, anayamba okha. "Ndimawapepesa onse, mayi, mmodzimmodzi. Kaya zimathandiza iwo, kaya ine." Atakoka fodya anawonjeza kuti tsiku lina pa kabedi kameneka padzagona mwana wa munthu, ndipo chimene sadzaphunzira pa galu adzachiphunzira pa mwanayo. Ndikuwakhulupirira. Ndikuwalemekeza. Koma ndikanakonda akanaphunzira pa galu wina, ndipo ndikudziwa kuti maganizo amenewa ndi oipa.

Loweruka, 20 Ogasiti

Dzulo cholembera sichikanagwirika.

Kusanache bwino, kuzizira kodabwitsa. Tisanawanyamule Yefim anati apaulendo sanyamuka osakhala pansi kaye. Tonse tinakhala pamabokosi, ndi akuluakulu a nyenyezi pamapewa omwe, chete. Gaika akuuwa m'chipewa chake, mawu osamveka. Sushka ndinamugwira mwendo kudzera pa mphira. 

Anatiika m'ngalande patali. Moto pansi pa roketi, kenaka phokoso lolowa m'mafupa, nthaka ikunjenjemera. Inanyamuka pang'onopang'ono ngati ikukayika, kenaka liwiro, kadontho kowala, kenaka thambo lokha. Kukongola kwake, abale. Ndinalira, ndipo sindidziwa ngati ndinkalirira galu kapena kukongolako.

Kudikira. Makosi kuwawa. Yefim akutafuna ndevu.

Wina analoza. Kansalu koyera, kutali kumwamba. Patapita nthawi kena. Anyamata anaponya zipewa m'mwamba, kukumbatirana, msilikali wolumidwa uja akuvina. Parachuti yoyamba inatera pafupi. Gaika. Wamoyo, waukali kuposa kale, anang'amba dzanja la malaya a Vadim asanamalize kumumasula. Yachiwiri mphepo inaitenga, tinaiona ikupita kum'mawa mpaka inazimirira.

Malole atatu, kandege m'mwamba. Ine kumbuyo kwa lole ndi Yefim, fumbi, mabampu. Dzuwa linakwera, linafika pamutu, linayamba kupendekeka. Chipululu chonse chofanana. M'mutu mwanga ulusi wokhawokha. Ndinadzitukwana, ndinatukwana a Dokotala, ndinatukwana amayi anga m'manda chifukwa chondiphunzitsa zinthu zimenezi. Yefim anandipatsa madzi osandiyang'ana.

Anatipeza ndi m'busa wa nkhosa, mdala wa Chikazaki pa kavalo, akukupiza chipewa. Tinamutsatira kukadzenje kouma. Kabedi kali apo, parachuti itakodwa m'zitsamba, mdalayo atazika ndodo n'kukolekapo chikhoto chake kuti pakhale mthunzi. Kachitseko ka chipewa kanatseguka kokha monga anakonzera, ndipo mdalayo ankamudonthezera galuyo madzi pamphuno. Sushka miyendo kutsogolo, chibwano pansi. Osagwedezeka.

Ine ndinatsika m'lole pomalizira.

Msilikali wina anamasulira mawu a mdalayo. "Ndimayesa wafa, koma maso akunditsata. Ndaitana, ndamuonetsa nyama, ayi. Galu wamtundu wanji ameneyu?"

A Dokotala anagwada. Chipewa. Lamba wapachifuwa, wapamimba, wakumbuyo. Anamuvula thumba la mphira. Sushka anaimirira, anadzandira pang'ono, anadzikutumula, n'kuwanyambita pachibwano. Kenaka anabwera kwa ine, mchira uli m'mwamba. Ndinakhala pansi pafumbi n'kulira ngati kamwana, pamaso pa asilikali ndi mdala wa eni.

Akuti akanalimbana ndi malamba m'dzuwa limene lija mtima ukanaima. Kudekha kwake ndi kumene kwamupulumutsa. Wafika kumene sikunafikeko munthu, wabwera, wadikira tsiku lathunthu osadandaula. Ndani mwa ife angathe? Mdala uja a Dokotala amupatsa wotchi yawo ya pamkono, iye wakana, watenga fodya.

Lero m'mawa Vadim wabwera kuti ndimusokere dzanja la malaya. Wayamba wavula kaye, osauzidwa.

Lachisanu, 2 Sepitembala

Mosko, mvula. Sushka akumupimabe. Magazi, maso, mtima, zonse zili bwino.

Zili bwino kwambiri, ndiye vuto. Akuluakulu akufuna apitenso, akuti galu ngati uyu sapezeka kawiri. Ndinamva kwa Yefim, ndinasiya makina ali pakati pa msoko. Ndisanafike n'komwe ku ofesi ndinamva mawu a Dokotala kudzera pachitseko, ali pa telefoni. "Ndinalonjeza munthu. Ngati mukufuna wina wodekha, nditumizeni ine." Sindinalowe. Ndinabwerera chonyang'ama, mtima uli mbee.

Apitenso ndi Gaika, pamodzi ndi wina watsopano. Nkhaniyo ndinaimva, ndinapuma, ndinathokoza Mulungu. Patapita nthawi ndi pamene ndinachita manyazi. Gaika palibe amene anakamupempha pakhonde.

Ndikumusokera kamalaya katsopano. Poyeza anagwira tepi, ndinamusiyira atafune.

Loweruka, 10 Sepitembala

Wabwera kunyumba. Wanga.

Yefim watiperekeza mpaka pageti, wandipatsa mbale yake ndi chingwe, n'kutembenuka msanga ati mwendo ukuwawa. Wathabwa uja. M'basi Sushka pamiyendo panga, anthu akumusisita. Mayi wina anati, kagalu kaulemu bwanji. Ndinkafuna kukuwa kuti mayi, mukudziwa kumene kachokera? Ndinangoti zikomo.

Ndamusokera kamatiresi ka nsalu zotsala, ndakaika pafupi ndi bedi langa. Msuzi wa mafupa pa chitofu. Analowa m'chipinda, ananunkhiza bedi, makina, nsapato za Stepan pansi pa kabati. Kamatiresi anakalambalala. Kuseri kwa chitseko kuli bokosi lathabwa losungiramo mbatatesi, lopanda kanthu, lagona cham'mbali. Analowa mmenemo. Miyendo kutsogolo, chibwano pansi.

Watopa, ndi malo achilendo. Mawa azolowera.

Lamlungu, 11 Sepitembala

Kwacha ali mommo. Madzi sanakhudze, msuzi waundana m'mbale. Ndaitana, ndaimba mluzu, ndatenga chingwe n'kuima pakhomo. Mchira ukugunda thabwa pang'ono, maso akunditsata, thupi ayi. Ndinafuna kumukoka, anauma gwaa, n'kuyamba kunjenjemera. Ndinamusiya.

Klava anabwera cha kumasana ndi fupa, ati linangotsala. Anawerama, anamunyengerera ndi mawu amene sindinamumvepo akulankhula ngakhale kwa ana ake. Osatheka. Anadzuka n'kunena kuti, "Koma Taya, galu womvera chonchi unamupeza kuti? Anamuphunzitsa bwino." Ndinamuuza kuti atuluke. Sanalakwe kanthu, ndikamupepesa.

Ndinakhala pansi moyang'anana naye. Si kutopa, si matenda. Akudikira. Kuyambira dzulo akudikira, monga anadikirira m'kadzenje muja, ndipo ine ndinaomba m'manja ndi kuuza aliyense kuti ndi ngwazi.

Ndinagwada, ndinalowetsa manja m'bokosi. Pachifuwa pake, popanda kanthu, zala zanga zinamasula lamba. Pamimba, wachiwiri. Kumbuyo, wachitatu. Ndinachita zonse monga amachitira a Dokotala, mpaka kukoka ndi kuika pambali.

Anatuluka. Anadzikutumula, anandinyambita dzanja, anakodza pakati pa chipinda chithaphwi chachikulu, poti mkodzo anausunga kuyambira dzulo. Ndinkapukuta ndikulira, iye akumwa madzi ngati sadzamwanso.

Ndatuluka naye pabwalo. Wathamangitsa njiwa, wauwa kamodzi, koyamba kumva mawu ake. Ndinati basi, zatha.

Tabwerera. Wadya msuzi wonse ndi fupa la Klava. Walowanso m'bokosi, miyendo kutsogolo, chibwano pansi.

Akundiyang'ana m'manja.